Chamba ndi Chiwerewere pa Madoko a ku Nkhotakota

Wolemba: Mlangizi wa Zaulimi, Nkhotakota

Anzanga alimi a m'mbali mwa nyanja, nyengo yokolola mpunga ndiyo nyengo imene ndalama zichuluka m'midzi mwathu, kuyambira ku Benga ndi ku Chia kufikira ku Dwangwa ndi ku Dwambazi. Masiku a mdima, pamene mwezi palibe, usipa nawo ubweretsa ndalama pa madoko. Ndalama ndi chinthu chabwino ndithu. Koma poyenda m'minda mwanu ndaona maenje awiri amene ameza ndalama zimenezi, nameza ndi anthu omwe. Dzenje loyamba ndi chamba. Lachiwiri ndi chiwerewere chogula ndi ndalama kapena ndi nsomba.

Kapena wina afunsa kuti, "Kodi mlangizi wa zaulimi alowa bwanji m'nkhani za chipatala ndi za polisi?" Yankho lake n'lapafupi. Munda ulimidwa ndi munthu, ndipo munthuyo akadwala kapena akamangidwa, khasu ligona. Ndiponso ndaona kuti mavuto awiriwa kawirikawiri ayambira pa nkhokwe yopanda kanthu.

Banja lina

M'dera limene ndigwira ntchito muli banja lina limene sinditchula dzina. Anali ndi ekala imodzi ya mpunga ku dambo ndi munda wa chinangwa kumtunda. Chaka china madzi osefukira anakokolola mpunga wonse, ndipo chinangwa chinaola m'nthaka. Bambo anapita ku doko lakutali kukagwira ntchito pa bwato la munthu wina. Mayi anayamba kugula usipa, kuuyanika pa thandala ndi kukagulitsa ku msika. Mwana wawo wachisamba, wa zaka 17, anasiya sukulu nakwera kumapiri kukagwira ganyu m'munda wa chamba.

Mnyamatayo anabwerako ndi foni ndi nsapato zatsopano, ndipo anzake anamsirira. Koma anabwerakonso ndi chizolowezi chosuta m'mawa, masana ndi usiku. Patapita zaka ziwiri analeka kugona tulo, nayamba kuyankhula yekha ndi kunena kuti anthu a pamudzi afuna kumupha. Tsiku lina anathamangitsa amake ndi chikwanje. Abale anam'manga ndi zingwe, nagulitsa mbuzi zitatu kulipira asing'anga, koma sizinathandize. Pomaliza anapita naye ku chipatala, ndipo kumeneko anamtumiza ku chipatala cha odwala misala ku Zomba.

Nditapita kukaona chifukwa chimene munda wawo unagonera, mayiwo anandiuza mawu amene sindiwaiwala. Anati, "Alangizi, nsomba zikachepa ogula tichuluka. Amene ali ndi thumba la ndalama atenga zonse. Ife a chigoba chimodzi atiuza kuti, ngati ufuna usipa ukhale bwenzi langa. Nanga ana anga akanadya chiyani?" Ine ndinati, "Amayi, sindinabwere kudzakuweruzani, koma tiyeni mukayezetse magazi." Anapita, napezeka ndi kachilombo ka HIV.

Munda wa banja limeneli unagona nyengo ziwiri. Mbuzi zinatha, ana aang'ono analeka sukulu. Zonsezi zinayamba ndi chaka chimodzi cha njala.

Chamba chichita chiyani m'thupi?

Kuyambira nthawi ya a Jumbe, dzina la Kota Kota linamveka kutali chifukwa cha mpunga. Masiku ano limvekanso chifukwa cha chamba cholimidwa mobisa kumapiri, chimene anthu akunja achitcha Malawi Gold. Ena anyadira dzinalo, koma chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

M'maluwa ndi m'masamba a chamba muli mankhwala otchedwa THC. Munthu akasuta, mankhwalawo achoka m'mapapo, alowa m'magazi, nafika ku ubongo m'kanthawi kochepa. Kumeneko asokoneza chikumbumtima, maganizo ndi changu cha manja ndi miyendo. Anyamata a pa bwato anena kuti chamba chichotsa mantha ndi kuzizira usiku. Koma mantha ndiwo auza msodzi kuti mwera wayamba, abwerere kumtunda. Munthu woledzera chamba kapena kachasu akagwa m'madzi usiku, msanga amira.

Tinene zoona: si onse osuta chamba amene achita misala. Koma madokotala apeza kuti amene ayamba ali wamng'ono, nasuta tsiku ndi tsiku chamba champhamvu, ali pa ngozi yaikulu kuposa anzake, makamaka ngati m'banja mwawo munali kale wodwala matenda a maganizo. Ubongo wa munthu supsa kufikira zaka 25 kapena pafupi pamenepo. Uli ngati mbande ya mpunga pa nazale: ukaiponda ili yanthete, siibereka bwino. Utsi wa chamba uyambitsanso chifuwa chosatha, ndipo wozolowera akachisowa akwiya msanga, sagona, ndi chakudya sichimkomera.

Nanga wolima apindulanji? Mpunga mutha kuuika pa sikelo masana, anthu akuona, ndipo wogula akakuberani mukadandaula kwa amfumu. Chamba chigulidwa usiku, ndipo wogula akathawa osalipira mulibe kodandaula. Phindu lalikulu lipita kwa amalonda a m'tauni ndi akunja, pamene mlimi ndi mnyamata wonyamula ndiwo agwidwa pa msewu. Lamulo loletsa mankhwala oopsa lilipo m'dziko muno kuyambira chaka cha 1956. M'chaka cha 2020 Nyumba ya Malamulo inalola kulima mbewu za mtundu wa chamba zopangira mankhwala a m'chipatala ndi zinthu za m'mafakitale, koma kwa okhawo amene atenga chiphaso ku bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Lamulo limenelo silinalole kusuta, kapena kulima mobisa m'nkhalango. Musanyengedwe ndi onena kuti Boma linamasula chamba chonse.

Nsomba zogula ndi thupi

Mchitidwe wosinthanitsa thupi ndi nsomba suli kwathu kokha. Ku Kenya, pa nyanja ya Victoria, autcha jaboya, ndipo kumenekonso uyamba pamene nsomba zachepa ndi ogula achuluka. Palinso akazi ena amene abwera pa madoko ndi pa misika nthawi ya malonda a mpunga kapena ya malipiro a odula nzimbe. Ambiri a iwo ndi amasiye, osiyidwa ukwati, kapena atsikana amene anasowa wowalipirira sukulu.

Chifukwa chiyani matenda afalikira msanga pa doko? Asodzi ayenda doko ndi doko kutsata nsomba, akhala miyezi kutali ndi akazi awo, alandira ndalama m'manja m'mawa uliwonse, ndipo mowa ndi chamba zili pomwepo. Munthu woledzera sakumbuka kondomu. Wina amene amwa kale mankhwala a ma ARV awaiwala kumudzi, kapena amthera ali kutali ndi chipatala chake, ndipo kachilombo kachulukanso m'magazi mwake.

Matenda a Edzi anapezeka koyamba m'Malawi m'chaka cha 1985. Kafukufuku wa Unduna wa Zaumoyo wa m'zaka za 2020 ndi 2021 anapeza kuti mwa anthu 100 alionse a zaka 15 kupita m'tsogolo, pafupifupi 9 anali ndi kachilombo. Mwa amayi anali oposa 10, mwa abambo anali 7. Muona kuti mtolo wolemera uli pa amayi. Kuwonjezera pa HIV pali chindoko, chinzonono ndi mabomu. Chinzonono chikapanda kuchiritsidwa chitseka njira ya mayi, ndipo iye asowa mwana, nanenedwa kuti ndi chumba, chonsecho matendawo anabwera ndi mwamuna. Chindoko chibisala m'thupi zaka zambiri, ndipo mayi woyembekezera atha kupita padera kapena kubala mwana wakufa.

Koma pali mawu otonthoza. Kuyambira chaka cha 2004 mankhwala a ma ARV aperekedwa mwaulere m'zipatala za Boma. Womwa mokhulupirika akhala ndi mphamvu, alima ngati wina aliyense, ndipo kachilombo kakachepa kwambiri m'magazi mwake sapatsira mnzake. Chindoko chichira ndi jekeseni. Palinso mankhwala otchedwa PrEP oteteza munthu amene alibe kachilombo, ndi ena otchedwa PEP a munthu wogwiriridwa kapena amene kondomu yam'phulikira. A PEP ayenera kuyambidwa asanathe maola 72, kotero musachedwe ndi milandu ya pabwalo musanapite ku chipatala.

Wolakwa ndani?

M'midzi ina anthu aganiza kuti akapirikitsa akazi oyendayenda vuto latha. Koma pa malonda pakhala anthu awiri, wogulitsa ndi wogula, ndipo wogulayo kawirikawiri ndi bambo wa pamudzi pomwepo amene wangogulitsa matumba a mpunga. M'chaka cha 2016 Bwalo Lalikulu la Milandu ku Zomba linamasula amayi 19 amene anamangidwa ku Dedza, ndipo linanena kuti gawo la lamulo limene anawamangira linaikidwa kuti lilange anthu odyera masuku pamutu akazi otere. Kuwamenya, kuwalanda ndalama ndi kuwanyoza ku chipatala kungowachititsa kubisala, ndipo matenda obisika ndiwo afalikira.

Za ana zokha tisanyengerere. Kuyambira chaka cha 2017 malamulo aakulu a dziko lino anena kuti aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana. Mwini bala kapena mwini nyumba yogona alendo amene atenga mtsikana kumudzi ponama kuti akamlemba ntchito, namgulitsa kwa amuna, apalamula mlandu waukulu pa lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu. Mukaona zotere kauzeni amfumu ndi apolisi. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Zoyenera kuchita

1. Mukakolola, yambani mwapatula chakudya cha chaka chonse ndi mbewu, musanaitane wogula. Bambo ndi mayi awerengere pamodzi matumba ndi ndalama.

2. Musadalire mbewu imodzi. Bzalani chinangwa pa malo okwera amene madzi sakhazikika, ndi mitengo yochokera m'munda wopanda matenda. Nyumba imene ili ndi kondowole situmiza mwana kumapiri.

3. Gulitsani mpunga pa gulu, ndipo musagulitse wonse mwezi wokolola pamene mtengo uli pansi.

4. Mafumu, patsani anyamata malo a dimba m'mbali mwa Bua, Kaombe ndi mitsinje ina. Tomato, anyezi ndi chimanga chachiwisi zibweretsa ndalama m'chilimwe, ndipo wogulitsa sathawa wapolisi.

5. Amayi ogula nsomba, lowani m'mabanki m'khonde, muphatikize ndalama, mugule pa gulu. Mutu umodzi susenza denga. Amayi khumi obwera ndi ndalama m'manja sauzidwa mawu amene auzidwa mayi mmodzi wopempha ngongole.

6. Makomiti a pa madoko aike lamulo lakuti nsomba zigulidwe poyera ndi pa mzere, ndipo wopempha thupi la mayi pa malonda aitanidwe ku bwalo.

7. Asodzi, popita ku doko lakutali tengani makondomu, mankhwala anu ndi buku lanu la ku chipatala.

8. Mwana akayamba kusagona, kuyankhula yekha kapena kukayikira abale ake, pitani naye msanga ku chipatala cha Boma ku Nkhotakota kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko. Musam'menye, ndipo musathe ziweto musanaone dokotala. A St John of God ku Mzuzu ndi ku Lilongwe athandizanso ofuna kuleka chamba ndi mowa.

Banja lija lili bwanji tsopano? Mayi ali kumwa mankhwala awo, ndipo analowa m'gulu la amayi ogula usipa pamodzi. Bambo anabwerera, nawonso anakayezetsa. Mnyamata anatuluka m'chipatala, ali kumwa mankhwala, ndipo chamba analeka, ngakhale kuti ku sukulu sanabwerere ndipo mutu wake sugwira msanga monga kale. Mvula yapitayi ine ndi iye tinawokera mpunga m'mizere pa munda uja unagona.

Inu amene mudziwa kuwerenga, werengerani anzanu nkhaniyi pa bwalo ndi pa doko. Ndipo amene afuna mitengo yabwino ya chinangwa kapena malangizo a ulimi wa m'dimba, aonane ndi mlangizi wa m'dera lake mvula isanagwe.