Manja Amene Amadzutsa Malaputopu Akale ku Al Quoz

Wophunzira wa ku MUBAS, ku UNIMA kapena ku MZUNI akamagula laputopu ya kaunjika amafunsa zinthu ziwiri: mtengo, komanso ngati batire ikusunga moto. Wogulitsa amayankha monyadira kuti ndi ya ku Dubai. Zoona zake n'zakuti ku Dubai inangodutsako. Inagwira ntchito zaka zingapo mu ofesi ina ku America kapena ku Ulaya, eni ake atagula zatsopano anaigulitsa pamodzi ndi zinzake zambirimbiri, ndipo inatsika m'kontena padoko la Jebel Ali. Kuti ifike ku Limbe kapena ku Malangalanga ikuyaka, pali anthu amene anaigwira, ndipo ubwino wake wonse wagona pa mmene anaigwirira.

Dera la Al Quoz lili ku Dubai, pakati pa misewu ikuluikulu iwiri, Sheikh Zayed Road ndi Al Khail Road. Mbali yake ya mafakitale inagawidwa zigawo zinayi, ndipo ndi mizeremizere ya nyumba zosungiramo katundu, magalaja ndi nyumba zogona antchito. Msika waukulu wa malaputopu akale uli ku Sharjah, mzinda woyandikana ndi Dubai, pomwe masitolo otchuka a makompyuta ali ku Bur Dubai. Koma katunduyu amafuna malo otakasuka omasulira ndi kusanja, ndipo malo otere ndi amene Al Quoz ili nawo. Ogwira ntchitoyi pafupifupi onse ndi obwera: a ku Pakistan, India, Bangladesh, Nepal, ndi ena a kuno ku Africa.

Ntchito imayamba ndi otsitsa makatoni ndi osanja. Kenako oyesa amayatsa makina amodziamodzi, kuona sikirini, kiyibodi, mahinji ndi batire, n'kumata kapepala ka giredi A, B kapena C. Ena ntchito yawo ndi kupukuta ndi kuchotsa zomata za kampani yakale. Zonsezi mnyamata wachangu amaziphunzira msanga.

Pamene pali luso lenileni ndi patebulo la mmisiri woika Windows. Iye amakhala ndi malaputopu angapo otsegula nthawi imodzi, fulashi ili m'thumba la malaya, chala chikugogoda batani lolowera mu BIOS makina asanadzuke: F2 pa Dell, F10 pa HP, F1 pa ThinkPad. Chimene akufunamo ndi njira imene laputopu imadzukira. Makina ambiri a nthawi ya Windows 7 anaikidwa kuti azidzuka mwa njira yakale yotchedwa Legacy, ndipo disiki yawo inagawidwa mwa dongosolo la MBR, lomwe silitha kugwiritsa ntchito malo opitirira 2 TB. Njira yatsopano ndi UEFI, yoyendera limodzi ndi disiki ya GPT. Ziwirizi sizisakanizika. Ukangosintha BIOS kupita ku UEFI disiki ikadali ya MBR, laputopu imanena kuti sikupeza podzukira, ndipo wosadziwa amaganiza kuti yafa. Mmisiri amafufuta disiki n'kuyambiranso, kapena amagwiritsa ntchito MBR2GPT, kachipangizo kamene Microsoft inaika mu Windows 10 mu 2017, kuti asinthe popanda kutaya mafayilo.

Palinso misampha ina. Ma Dell ambiri amabwera atatcheredwa pa RAID, ndiye Windows imakana kuona SSD yatsopano mpaka mmisiri atembenuzire ku AHCI. Ena amabwera BIOS itatsekedwa ndi pasiwedi ya kampani yakale. Ena kabatire kakang'ono kosunga tsiku ndi nthawi kanatha, moti tsiku limabwerera m'mbuyo nthawi zonse ndipo masamba a pa intaneti amakana kutseguka.

Windows ikalowa, ntchito imakhala isanathe, ngakhale kuti ambiri amalekera pomwepo. Chiwalo chilichonse cha laputopu, kaya ndi Wi-Fi, kamera, sipika kapena mabatani owonjezera kuwala, chimafuna driver yakeyake. Mmisiri wosamala amatsegula Device Manager n'kusaka tizizindikiro tachikasu, kenako amatenga ma driver kwa amene anapanga makinawo, kuyambira ndi a chipset. Wothamangira kukwanitsa chiwerengero cha tsikulo amangoona kuti sikirini yayaka, n'kutseka. Vutolo limadzaonekera kuno, mwana atakhala pa Zoom maikolofoni osagwira, kapena laputopu ikutentha pamiyendo batire n'kutha pasanathe ola.

Chaka cha 2025 chinasintha malondawa. Pa 14 Okutobala Microsoft inasiya kusamalira Windows 10, yomwe inatuluka mu 2015. Windows 11, ya mu 2021, imafuna UEFI, Secure Boot, TPM 2.0, ndipo ngati purosesa ndi ya Intel, ikhale ya m'badwo wa 8 kapena kuposerapo. Motero ThinkPad T480 ndi EliteBook 840 G5 zambiri zili mkati, pomwe T470 ndi 840 G3, makina olimba amene adzaza m'masitolo athu, atsala kunja. Kampani yofufuza za malonda ya Canalys inayerekeza mu 2023 kuti makompyuta pafupifupi 240 miliyoni akhoza kutayidwa chifukwa cha malire amenewa. Makina okanidwa kumayiko olemera satayidwa onse ayi. Ambiri amatsika mtengo, n'kulowera kwathu kuno.

Apa ndi pamene mmisiri amayesedwa. Ndi pulogalamu ya Rufus, iye atha kulumpha zofunika zonsezi n'kukakamiza Windows 11 pa laputopu ya m'badwo wa 6. Imayaka bwinobwino, ndipo bwana amagulitsa mokwera. Koma Microsoft inanena poyera kuti makina otere sakulonjezedwa kulandira zokonza. Kukakamizako pakokha sindikukuona ngati tchimo, chifukwa kwatalikitsa moyo wa makina ambiri abwino. Chimene chimandipweteka ndi kubisira wogula, amene mwina makolo ake anagulitsa fodya kapena soya wa chaka chonse kuti apeze ndalamazo. Kumuuza zoona, kapena kumuikira Linux Mint ngati ntchito yake ndi kulemba ndi kuwerenga basi, ndiko kumuchitira ulemu.

Komabe tisafulumire kuloza chala mmisiriyo. Iye ndi waganyu m'dziko la eni, chilolezo chake chokhalira kumeneko chimadalira ntchito, ndipo kwawo kuli banja loyembekezera ma dirham mwezi ukatha. M'chilimwe kutentha kumapitirira madigiri 40. Lamulo limaletsa ntchito za padzuwa kuyambira 12:30 mpaka 3 koloko masana, pakati pa 15 Juni ndi 15 Sepitembala, koma linalembedwera ogwira ntchito panja, osati okhala patebulo pansi pa denga. Amene amapatula mphindi zina kuti aike driver yotsala, palibe amamuona kapena kumuwonjezera malipiro.

Ife ogula tingathandize kuti ntchito yabwino izilipira. Musanapereke ndalama, pemphani wogulitsa ayatse laputopuyo. Lembani msinfo32 pamalo osakira, muone ngati pa BIOS Mode palembedwa UEFI, ndipo muwerenge nambala ya purosesa: i5-8250U ndi ya m'badwo wa 8, i5-6300U ndi ya m'badwo wa 6. Tsegulani Device Manager, yesani kamera, maikolofoni ndi Wi-Fi muli m'sitolo momwemo. Inunso amalonda amene mumakwera ndege kudzera ku Addis Ababa kapena ku Nairobi kukaoda katunduyu, funsani mafunso omwewa kumeneko musanatseke katoni. Wogulitsa akakana kuti muyese, bwezani ndalama zanu m'thumba, mukagule kwina.