MFUTI ZIWIRI, CHIPOLOPOLO CHIMODZI
Funso Limene Lisautsa Eni Nyumba ku America

M'dziko la America muli funso limene eni nyumba ambiri amadzifunsa akalowa m'sitolo yogulitsa mfuti. Munthu wasunga ndalama zake, ndipo ali kufuna mfuti imodzi yokha yotetezera banja lake kwa mbala zothyola nyumba usiku, ndiponso yoti aidalire pa nthawi ya chipolowe kapena ya tsoka, pamene apolisi sangathe kufika msanga. Wogulitsa amuyalira mfuti ziwiri pa thebulo. Ina ndi yakuda bii, yopangidwa ndi chitsulo chopepuka ndi pulasitiki, dzina lake AR-15. Inzake ili ndi thunthu la mtengo monga mfuti ya mlenje, dzina lake Ruger Mini-14. Kodi munthuyu atenge iti?

Kwa anthu a m'maiko amene munthu wamba sasunga mfuti popanda chilolezo cha apolisi, funso lotere limveka lachilendo ndithu. Koma ku America ufulu wosunga zida unalembedwa m'malamulo aakulu a dziko m'chaka cha 1791. Ndipo m'chaka cha 2008, pa mlandu wa District of Columbia ndi bambo wina dzina lake Heller, Bwalo Lalikulu la Milandu linagamula kuti ufuluwo ndi wa munthu aliyense payekha, makamaka wofuna kudziteteza m'nyumba mwake.

KUMENE ZINACHOKERA

Mfuti ya AR-15 inapangidwa cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1950 ndi kampani ya ArmaLite, kutsatira nzeru za mmisiri Eugene Stoner. M'chaka cha 1959 kampaniyo inagulitsa ufulu wopanga mfutiyi kwa kampani ya Colt. Asilikali a America anailandira naitcha M16, ndipo cha m'ma 1964 a Colt anayamba kugulitsa mtundu wina wa anthu wamba. Lero makampani ochuluka amapanga mfuti za mtundu umenewu.

Mini-14 inatuluka m'zaka za m'ma 1970 kuchokera ku kampani ya Sturm, Ruger. Dzina lake linatengedwa ku M14, mfuti yaikulupo ya asilikali imene iyo inatengera maonekedwe. Chodabwitsa n'chakuti mmodzi wa amisiri amene anaikonza, a L. James Sullivan, ndi omwewo amene anagwirako ntchito yokonza AR-15. Tsono mfuti ziwirizi zili ngati ana a bambo mmodzi obadwira m'nyumba zosiyana.

Zonse ziwiri zimadzilonga zokha. Kale mlenje wa gogodela ankathira wonga ndi kutsindira chipolopolo nthawi iliyonse asanawombe. Mfuti izi sizitero ayi: mphamvu ya utsi wa chipolopolo choyamba ndiyo imataya chikhungwa chake ndi kulowetsa chipolopolo chachiwiri. Komabe zimawomba chipolopolo chimodzi chokha munthu akakoka kachitsulo kowombera kamodzi, kusiyana ndi za asilikali zimene zimalakatika malinga chala chili pomwepo. Zonse ziwiri, kawirikawiri, zimadya chipolopolo chofanana cha mamilimita 5.56, ndipo iliyonse imalemera pafupifupi makilogalamu atatu.

PAMENE ZISIYANA

Amene amakonda AR-15 amanena kuti ziwalo zake zimapezeka paliponse ndiponso pa mtengo wotsika, popeza opanga ndi ambiri. Timabokosi take ta zipolopolo, timene kawirikawiri timanyamula 30, timalowa m'mfuti za makampani osiyanasiyana. Mbali yotsamiza paphewa imatha kufupikitsidwa kapena kutalikitsidwa, kotero kuti mwamuna ndi mkazi wake angathe kuigwira bwino onse awiri. Kuikapo tochi, kuti munthu aone chimene ali kuloza mumdima, n'kosavutanso.

Okonda Mini-14 nawo amati mfuti yawo ndi yolimba, yosafuna zambiri, ndipo utsi wa wonga sulowa kwambiri m'kati mwake monga uchitira mu AR-15. Koma timabokosi take ndi ta mtundu wakewake ndipo timadula. Mfuti zoyamba za mtunduwu zinkanenedwanso kuti zikatentha sizilasa bwino chinthu chakutali, mpaka kampani inakonzanso kapangidwe kake cha m'ma 2005. Kunena zoona, nkhani ya kulasa patali ilibe ntchito kwenikweni kwa munthu amene chipinda chake n'chotalika mapazi ochepa chabe.

MAONEKEDWE NDI LAMULO

Kusiyana kwakukulu kuli pa maso a anthu ndi a lamulo. M'chaka cha 1994 Pulezidenti Bill Clinton anasaina lamulo loletsa kupanga ndi kugulitsa mfuti zatsopano zokhala ndi maonekedwe a nkhondo, pamodzi ndi timabokosi tonyamula zipolopolo zoposa 10. Lamulolo linatchula dzina la Colt AR-15 pakati pa zoletsedwa, koma Mini-14 ya thunthu losapindika linailemba pakati pa mfuti zololedwa za alenje. Mphamvu ya lamuloli inatha m'chaka cha 2004. Komabe zigawo zina zinakhazikitsa malamulo awoawo, monga California m'chaka cha 1989 ndi New York m'chaka cha 2013, ndipo m'madera otere ambiri atembenukira ku Mini-14 chifukwa maonekedwe ake sawombana ndi lamulo.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. AR-15 ili ndi mbiri yoopsa: mfuti za mtundu umenewu ndizo zinapha ana 20 ndi akuluakulu 6 pa sukulu ya Sandy Hook ku Connecticut m'chaka cha 2012, ndiponso ana 19 ndi aphunzitsi awiri ku Uvalde, m'chigawo cha Texas, m'chaka cha 2022. Koma nayo Mini-14, ngakhale ioneke yofatsa, ili ndi magazi m'manja. Ndiyo inapha akazi 14 pa sukulu ya zaumisiri mumzinda wa Montreal ku Canada m'chaka cha 1989, ndipo inali m'manja mwa chigawenga chimene chinapha anthu 69 pa chilumba cha Utøya ku Norway m'chaka cha 2011. Boma la Canada silinayang'ane za thunthu la mtengo kapena la pulasitiki: m'mwezi wa May 2020 linaletsa zonse ziwiri pa tsiku limodzi.

PA NTHAWI YA TSOKA

Mantha amene amatuma anthu kukagula mfuti sangochokera m'mutu ayi. Pa chipolowe cha mumzinda wa Los Angeles m'chaka cha 1992, eni masitolo ena ochokera ku Korea anakwera pa madenga ndi mfuti poona kuti apolisi sali kubwera. Pamene namondwe wa Katrina anamiza mzinda wa New Orleans m'chaka cha 2005, anthu anakhala masiku angapo opanda magetsi ndi chithandizo, ndipo apolisi analanda mfuti za anthu wamba ena. Chaka chotsatira Nyumba ya Malamulo inaletsa kulanda mfuti zololedwa pa nthawi ya tsoka lotere.

Komatu ofunika kukumbukira ndi akuti ochuluka amene anafa ku New Orleans anafa ndi madzi, matenda ndi kutentha, osati ndi achifwamba. Banja limene linali ndi madzi akumwa, mankhwala, wailesi ya mabatire ndi njira yothawira linali pabwino kuposa limene linali ndi mfuti yokha.

M'nyumba momwemo mulinso zovuta zimene wogulitsa satchula kawirikawiri. Zipupa za m'kati mwa nyumba zambiri za ku America ndi zopyapyala, za matabwa ndi pulasitala, ndipo chipolopolo chophonya chingathe kuboola chipupa ndi kukapeza mwana ali m'tulo kapena mnansi wa nyumba yoyandikana. Kulira kwa mfuti yotere m'chipinda chotseka kungathe kuwononga makutu mpaka kale. Pa zimenezi AR-15 ndi Mini-14 sizisiyana konse, pakuti chipolopolo n'chimodzimodzi.

ZIMENE ZIWERENGERO ZIONETSA

M'chaka cha 2021 anthu oposa 48,000 anafa ndi mfuti ku America, ndipo oposa theka la iwo anachita kudzipha okha. Pa milandu ya kupha munthu, mfuti zazitali monga ziwirizi zili ndi gawo laling'ono; zochuluka ndi mfuti zazifupi za m'manja. M'chaka cha 1993 Dr. Arthur Kellermann ndi anzake anafalitsa zofufuza zawo m'magazini ya madokotala ya New England Journal of Medicine, zosonyeza kuti m'nyumba yosunga mfuti ngozi yakuti wina aphedwe inali yaikulu pafupifupi katatu, ndi kuti wakuphayo kawirikawiri anali wachibale kapena wodziwana naye. Omenyera ufulu wa mfuti amatsutsa njira imene anafufuzira, ndipo amanena kuti mfuti imaopseza mbala nthawi zambiri popanda kuwombedwa. Mtsutso umenewo sunathe mpaka lero.

Chotero yankho la munthu wa m'sitolo uja silili lovuta monga lioneka. Ngati lamulo la kwawo lilola zonse ziwiri, AR-15 ndiyo yosavuta kusamala ndi kupezera ziwalo. Ngati lamulo ndi lokhwima, kapena iye safuna mfuti yoopsa maso a anansi, Mini-14 idzagwira ntchito yomweyo. Mafunso olemera ndi ena: kodi mfutiyo idzagona m'bokosi lachitsulo lokiya, kumene mwana sangafike? Kodi mwini wake adzapatula nthawi ndi ndalama zophunzirira kuigwira? Kodi m'nyumbamo muli wina woledzera, wa mkwiyo kapena wotaya mtima? Walira mvula walira matope. Mbala mwina sidzabwera konse pa moyo wonse wa munthuyo, koma mfutiyo idzakhala m'nyumba pamodzi ndi mkazi ndi ana usiku uliwonse.