MPENI WOTUMBULIRA NDI KUSENDERA NYAMA: KASANKHIDWE KACE

Abale a kumidzi, m'nyumba iri yonse muli mpeni, koma likafika tsiku lakupha mbuzi anthu ayamba kuyendayenda kukabwereka wa mnansi. Wina adza ndi cikwanje, wina ndi mpeni wosendera mbatata, wina ndi mpeni wopinda wa m'thumba. Nchito itatha muona cifu cabooka, nyama yagwira pfungo, cikopa ciri mabowo okhaokha, ndipo kawirikawiri cala ca wosendayo ciri kukha mwazi. Mbuzi imene munaiweta zaka ziwiri iguga mtengo wace m'ora limodzi. Kapepala aka kalembedwa kukudziwitsani kuti mpeni woyenera nchito iyi suli wa ndalama zambiri. Ndiwo mpeni waufupi, wosapinda, wa citsulo cabwino ndi cogwirira colimba. Zina zonse nzokometsera cabe.

1. Cifukwa cace tinena mpeni wosapinda

Ambiri a inu mudziwa mpeni wopinda wa Okapi. Unayamba kupangidwa ku Germany m'caka ca 1902, ndipo kuyambira 1988 upangidwa ku South Africa. Ndiwo mpeni wothandiza paulendo, podula cingwe kapena nzimbe. Koma mpeni uli wonse wopinda uli ndi zobvuta ziwiri pa nchito ya nyama. Coyamba, mwazi ndi mafuta ndi ubweya zilowa mopindiramo, momwe madzi safika bwino. Zibvunda m'menemo, ndipo tsiku lina mudzadula nyama yabwino ndi mpeni wonyamula zoola. Caciwiri, popindira ndipo pamalo pofoka. Mukakankha ndi mphamvu m'kati mwa mimba, kumene maso saona, mpeni ukhoza kupindikira pa zala zanu.

Mpeni wosapinda ndiwo citsulo cimodzi kuyambira kunsonga kufikira m'cogwirira. Ulibe pobisala litsiro, ndipo subwerera mwini wace.

2. Utali ndi maonekedwe

Acinyamata akonda mpeni wautali, nayesa kuti kukula ndiko kukoma. Si cotero ai. Ku Ulaya ndi ku America anthu asaka nyama yonga mbawala, ya nyanga zanthambi, imene ina ikula kuposa mbuzi zitatu. Ndipo alenje ozolowera aitumbula kuthengo komweko ndi mpeni wa mainchi 3 kapena 4, ndiwo masentimita 8 kufikira 10. Ku Mora, m'dziko la Sweden, kumene fakitale ya mipeni inayamba m'caka ca 1891, asula mipeni yotere yopanda zokometsera, ya mtengo wapang'ono, ndipo alenje ndi amisiri a maiko ambiri aikhulupirira. Mpeni umene ukwanira nyama zija udzakwanira mbuzi, nkhosa ndi nkhumba yanu.

Mulibe copimira? Gonekani mpeni pa cikhatho canu mopingasa. Citsulo cace cikalingana ndi kupingasa kwa cikhatho, kapena kupitirirako pang'ono, ndiwo womwewo. Cifukwa cace ndi ici: potumbula mugoneka cala ca mkombaphala pa msana wa mpeni, kuti nsonga ya cala ikhale pafupi ndi nsonga ya citsulo. Mpeni ukatalika, nsonga itsogola yokha, nilasa cifu, matumbo, ndulu kapena cikhodzodzo inu osadziwa.

Penyaninso zinthu zitatu izi. Mpeni ukhale wakuthwa mbali imodzi yokha. Wakuthwa konsekonse ulibe pogoneka cala. Msana wace utsikire pang'ono kunsonga, kuti nsongayo isakhale yosongoka ngati mkondo, kapena yopenya kumwamba. Ndipo mbali yakuthwa ikhale yokhota pofika kunsonga, monga mwezi watsopano, pakuti pokhotapo ndipo pasenda cikopa osaciboola. Mpeni wa mano ngati sowo muusiye, cifukwa ung'amba nyama ndipo sunoleka pa mwala.

3. Citsulo cace

Zitsulo za mipeni ziri za mitundu iwiri. Cina ndico citsulo cakuda cimene osula athu acidziwa. Cinoleka msanga pa mwala wamba, cithwa kwambiri, ndipo mtengo wace ngwotsika. Koma cicita dzimbiri mukacisiya ndi mwazi kapena madzi usiku umodzi wokha. Cina ndico citsulo conyezimira cosacita dzimbiri msanga, cimene Harry Brearley anacipanga ku Sheffield, m'dziko la England, m'caka ca 1913, posanganiza citsulo ndi chromium pafupifupi magawo 13 pa 100. Ici cipirira cinyezi ndi mcere, cotero ciyenera anthu a kunyanja ndi a m'madambo.

Zonse ziwiri nzabwino zikakhala zoumitsidwa bwino pamoto. Koma cenjerani, pakuti kunyezimira sikunena kanthu za kulimba. Pamsika pali mipeni yambiri yowala ngati kalirole, yolembedwa maluwa, imene citsulo cace ncofewa ngati ca citini. Mudula nayo kawiri, yabuntha. Akulu anati, cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

4. Msuka ndi cogwirira

Monga khasu liri ndi msuka wolowa mumpini, momwemo mpeni uli ndi msuka wolowa m'cogwirira. Apa ndipo mipeni yambiri ya mtengo wapang'ono inyenga ogula. Msuka ukangolowa pang'ono, mpeni udzazuka kapena kuthyoka pakhosi. Funani umene msuka wace upitirira pakati pa cogwirira. Woposa onse ndiwo umene msuka uoneka kufikira kumapeto, womangidwa ndi misomali iwiri kapena itatu.

Cogwirira cidzaze dzanja lanu. Kumbukirani kuti pa nchito iyi dzanja likhala la mwazi ndi mafuta. Cotero cogwirira cosalala ngati botolo, cingakhale cikongola, cidzaterera. Mtengo wolimba wosapaka utoto, monga tsanya kapena muwanga, ugwirika bwino. Mphira wa mizeremizere ugwirikanso bwino. Pakati pa cogwirira ndi citsulo pakhale kaphewa kapena pokumbika pang'ono, poletsa cala kutsetserekera kokuthwa.

5. Pogula

Musacite manyazi kuuyesa mpeni musanapereke ndalama. Citani izi:

Gwirani cogwirira ndi dzanja limodzi, ndi msana wa citsulo ndi linalo, nimugwedeze. Pakamveka kugwedera, ubwezeni.

Penyani kutsata msana wace ndi diso limodzi, monga muyesa bango la mubvi. Ukhale woongoka.

Yesani kuupinda pang'ono ndi zala. Citsulo cabwino cikaniza, nicibwerera pomwe cinali. Cofewa cikhala cokhota. Msana ukhale wocindikala mamilimita 2 kapena 3, kuti usagwedezeke ngati tsamba.

Penyani pamene citsulo cilowa m'cogwirira. Pasakhale mpata wolowa mwazi.

Musapeputse wosula wa m'mudzi mwanu. Citsulo ca masipiring'i akale a galimoto ncabwino ndithu, ndipo mmisiri wodziwa kuumitsa akhoza kukusulirani mpeni woposa wa m'sitoro pa mtengo wocepa. Muuzeni utali ndi maonekedwe monga tanena pamwambapa. Atatha, mpempheni akhudze kokuthwa ndi tupa inu muli kupenya: tupa likadya mosabvuta monga lidya msomali, mpeniwo sunaume, likamaterera ndi kudya pang'ono pokha, waumitsidwa bwino.

Ndalama zanu zikacepa, musathere zonse pa mpeni. Siyaniko zina za mwala wonolera ndi cimace, ndilo thumba lace la cikopa cokhuthala. Mpeni wamba wonoledwa uposa mpeni wa mtengo wapatali wobuntha.

6. Pogwira nao nchito

Mpeni waufupi uwu suli wozingira. Pozinga pafunika wina wotalikirapo ndi wakuthwa kwambiri, kuti ciweto cife msanga osazunzika. Mlengi anatipatsa ziweto kuti tizidye, si kuti tizisautse.

Tumbulani msanga nyama itafa, pakuti m'dziko lotentha zam'mimba ziyamba kuononga nyama posacedwa. Cekani kabowo kakang'ono pa mimba, lowetsani zala ziwiri za dzanja linalo, nimukweze khungu kulisiyanitsa ndi matumbo. Ikani mpeni pakati pa zalazo, kokuthwa kupenye kumwamba, nimuceke pang'onopang'ono kucokera m'kati kuturukira kunja. Posenda mbuzi kapena nkhosa, mpeni ungotsegula mizere ya pamimba ndi m'miyendo. Kwinako kankhani cikopa ndi nkhonya, ndipo cidzacoka copanda bowo. Mafupa akulu ndiyo nchito ya nkhwangwa kapena cikwanje. Mpeni upite molumikizana mafupa mokha.

Mutatha, utsukeni ndi sopo ndi madzi otentha, muupukute uume, nimupake dontho la mafuta ophikira. Musaulonge m'cimace uli wonyowa. Ponola, nyowetsani mwala, gonekani citsulo, nimukweze msana wace pang'ono, monga kunenepa kwa pensulo. Nolani mbali zonse ziwiri mofanana. Mpeni uwu ukhale wa nyama yokha, ndipo muusunge posafika ana.

7. Macenjezo awiri

Loyamba ndilo la nyama za kuthengo. Gwape, mbawala ndi zinzace zatha m'madera ambiri. Lamulo la Malawi losunga nyama za kuthengo, la caka ca 1992, limene linakhwimitsidwa mu 2017, liletsa kuzisaka popanda ciphaso ca Boma, ndipo pa nyama zina cilango cifika zaka 30 m'ndende. Kukhala ndi mpeni wabwino sikupatsa munthu cilolezo.

Laciwiri ndilo la ciweto cofa cokha. Mukapeza ng'ombe, mbuzi kapena nyama ya kuthengo yafa modzidzimutsa, mimba yatupa msanga, ndi mwazi wakuda wosaundana uli kuturuka m'mphuno, m'kamwa kapena kumbuyo, musaikepo mpeni konse. Ikhoza kukhala nthenda ya anthrax, imene igwira wosenda, wonyamula ndi wakudya yemwe. M'caka ca 2023 inadwalitsa anthu mazana ambiri ku Zambia. Mukatumbula nyama yotere, mbeu za nthendayo zigwera m'nthaka, nizikhala zamoyo zaka zambiri. Itanani mlangizi wa ziweto, ndipo letsani ana ndi agaru kufikapo.

Tsono pokagula, kumbukirani zinai izi: wosapinda, wautali monga kupingasa kwa cikhatho, wa msuka wolowa kutali, ndi wa cogwirira cosaterera. Mpeni wotere, mukaunola ndi kuuumitsa nthawi zonse, udzakutumikirani zaka zambiri, ndipo nyama ndi cikopa ca ciweto canu zidzafika kunyumba ndi kumsika ziri zabwino.