Thiredo pampu ya azakhali inadzuka kwa akufa

Kuseri kwa khitchini ya azakhali anga, m'mudzi wina kufupi ndi Lizulu m'boma la Ntcheu, kunali malo amene ana a pakhomopo ankawatcha kumanda. Kumeneko kunkagona chilichonse cha kudimba chimene chinasiya kugwira ntchito. Mkulu wa onse anali thiredo pampu imene malemu amuna awo analandira kudzera ku kalabu ya alimi, zaka zija boma ndi mabungwe ankagawa mapampu oponda ndi miyendo, njala ya 2002 ndi ya 2005 zitatiphunzitsa kuti mvula yokha siidalirika. Pambali pake panali sipuleya ya malita 16 imene inkathira mankhwala msana wa mwini wake m'malo mwa matimati. Panali wilibala yothyoka miyendo imene nkhuku inkaikiramo mazira, makeni awiri obooka kunsi, ndi makasu atatu ogomoka mano, mipini yake itadyedwa ndi chiswe.

Amene anayendapo pa msewu wa M1 pakati pa Dedza ndi Ntcheu akudziwa chimene Lizulu amatchuka nacho. Msewu ndiwo malire: mbali ino Malawi, tsidya linalo Mozambique, ndipo mbali zonse ziwiri ndi milu ya kabichi, anyezi, karoti, kachewere ndi matimati. Basi ikangoima, mabeseni amafika pawindo injini isanazime. Tsono taganizani mayi wobadwira komweko, wokhala ndi dimba lake m'dambo, chitsime chosaphwa chili pomwepo, akumagula matimati a ndiwo pamsika womwewo. Anzawo a kumpingo akawapeza akutsitsa mtengo pa mulu wa matimati anayi, azakhali ankanamizira kuti akugulira oyandikana nawo nyumba.

Kulima ankalima ndithu. Chinkawagonjetsa ndi madzi. Kuzizira kwa Juni kwa kumapiri kuja, iwo ali kale m'dambo ndi ndowa kumutu ndi kambale m'manja, kuwaza bedi limodzi limodzi. Mpiru ndi repu zinkapirira mpaka Ogasiti. Dzuwa la Seputembala ndi Okotobala likafika, bedi lothiriridwa m'mawa linkakhala litauma gwa pofika masana, ndipo azakhali ankayamba kusankha mabedi oti apulumuke ndi oti afe. Kangaude wofiira ankamaliza matimati otsalawo, sipuleya ili gone kuseri kwa khitchini. Anyamata aganyu akangomva kuti ntchito yake ndi yotunga ndi ndowa, aliyense ankakumbukira kuti kwawo kuli matenda.

Kugula zatsopano kunali kosatheka. Zipangizo zimenezi zambiri zimachokera kunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Msuweni wanga, mwana wawo amene amagwira ntchito ku Lilongwe, anali atalonjeza pampu yatsopano. Mwezi uliwonse pafoni yankho linali lomwelo: “Amayi, dikirani mwezi ukatha.”

Amene anasintha zinthu, mosadziwa, anali wogula zitsulo zakutha. Anafika ndi sikelo yake panjinga, nayeza makasu ndi makeni mosasamala. Atafika pa pampu anagwada, anaipendeketsa, anasuzumira m'masilinda, anagogoda ndi chala, kenaka anati, “Iyi mayi sitiyeza, ndikupatsani mtengo wake payokha.” Azakhali anagulitsapo nkhuku ndi mbuzi zambiri pa moyo wawo, ndipo amadziwa nkhope ya wogula amene waona phindu. Anamuuza kuti abwerenso sabata yamawa, ayambe afunsa ana. Munthuyo asanafike n'kumsewu komwe, iwo anali atayamba kale kupukuta pampu ija ndi chisanza.

Pa Lizulu simupeza chikwangwani cholembedwa kuti pano timakonza zipangizo za kudimba. Amisiri ake amapezeka pofunsa, ndipo odziwa aliyense ndi anyamata a kabaza. Mmodzi anamanga pampu ija pakaliyala ndi mphira nawatsogolera kwa wokonza njinga amene amakhala pansi pa mtengo kuseri kwa msika, masipanala ali m'kachitini, masipoko atapachikidwa panthambi.

“Mwabweretsa chiyani amayi, maliro?”

“Ndiye mundiuze inuyo amisiri, ngati ali maliro tikaike.”

Mmisiriyo anamasula mabawuti anayi, nayala zonse pathumba. Thiredo pampu ilibe zinsinsi zambiri. Anaipanga injiniya wa ku Norway, Gunnar Barnes, ali ku Bangladesh cha m'ma 1980, ndipo cholinga chinali choti mlimi wosauka athe kuikonzera pafupi ndi kwawo. Pali masilinda awiri, m'kati mwake muli mapisitoni olumikizidwa ndi chingwe chodutsa pakagudumu. Ukaponda mwendo uno pisitoni imodzi imatsika, inzake imakwera n'kukoka madzi. Kunsi kuli timavavu ta mphira timene timalola madzi kulowa koma osabwerera. Mmisiri uja ananyamula kamphira kamodzi kouma, kosweka m'mbali, nakaika m'dzanja la azakhali.

“Zaka zonsezi mwasenza ndowa chifukwa cha aka.”

Azakhali anakatembenuza, anakayang'ana, ndipo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi chitenje.

Mavavu atsopano anawadula pomwepo kuchokera ku chubu chakale cha galimoto, akulemberera ndi ndalama yachitsulo kuti abulungire bwino. Dzimbiri la m'masilinda analipala ndi sanipepa womanga kundodo. Koma zikopa za pamapisitoni anati si zake. “Izi pitani nazo kwa akulu aja osoka nsapato pakhonde la golosale, muwauze kuti ndakutumani ndine.” Mkulu wa nsapato anadula zikopa ziwiri zozungulira, anazinyika m'madzi usiku wonse, m'mawa anazikanikizira m'chidutswa cha payipi kuti zipindike m'mbali, zitauma anazipaka mafuta ophikira. Iyeyo ndiye anaona kuti chitsulo chopondapo chang'aluka, nawalozera kwa wowotcherera. Wowotcherera analandira pampu ndi wilibala yomwe, koma magetsi anali atazima, choncho anati abwere akamva chigayo chikulira. Madzulo chigayo chinalira. Wilibala inalandira miyendo iwiri ya zitsulo zotsala pa mafelemu a mawindo, chigamba cha lata pansi, ndi mabering'i ogula kwa wogulitsa zipangizo za njinga yamoto.

Chimene chinawadabwitsa azakhali n'chakuti palibe mmisiri amene anaumirira ntchito yosakhala yake. Aliyense ankagwira gawo lake n'kutchula mnzake. Mmodzi yekha mwa iwo ndiye anali ndi satifiketi ya TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja limene linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo anaipachika pakhoma pafupi ndi kalendala. Enawo anaphunzira popatsira amalume awo sipanala. Anthu amenewa azakhali ankawadutsa tsiku lililonse la msika, kupatsana moni, osadziwa kuti onse pamodzi ndiwo galaja ya dimba lawo. Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo azakhali amanena okha kuti iwo anadya lambiri.

Wokhoma zidebe sanavute kumupeza, phokoso la hamala yake limamveka kuchokera pa siteji. Anadula matako a makeni aja, anaikamo malata atsopano, anapinda m'mphepete n'kumata ndi mtovu. Kumutu kothirira anaikako kwatsopano, mabowo ake akubowola ndi msomali wochepa kwambiri, poti keni ya mabowo aakulu imagwetsa mbande panazale n'kufukula mbewu. Makasu anapita kuchipala, kwa mkulu wina amene amapemerera makala ake ndi gudumu la njinga lozunguza ndi dzanja. Anawafiiritsa, anawasula mano, ndipo mipini anasema mdzukulu wake.

Sipuleya ndiyo inachititsa manyazi kwambiri, chifukwa inatha kukonzedwa tiyi asanazizire. Kamphira kozungulira ka pachivindikiro kanali kataphwa, ndicho chifukwa chake mankhwala ankatsikira kumsana. Nozo inatsekeka ndi mankhwala ouma. Azakhali anaitola kuti aiuzire ndi pakamwa, ndipo wokonza njinga uja anawagwira dzanja. “Amayi, izi zimapha mbozi, inunso zingakupheni. Musaike pakamwa, ndiponso musatokose ndi waya, bowo likakula mankhwala amangotayika.” Anaiviika m'madzi a sopo, anaitsuka ndi mswachi wakale, anapopa, ndipo nkhungu yosalala inatuluka n'kunyowetsa galu amene ankagona pafupi. Anawalangizanso kuti akamaliza kupopera azitsuka thanki katatu, kutali ndi chitsime. Ndalama zonse zimene analipira amisiri asanuwo sizinafike pa mtengo wa sipuleya imodzi yatsopano.

Tsiku loyesa pampu, dambo linadzaza ngati kuli chinkhoswe. Ena anabwera kudzathandiza, ambiri anabwera kudzaona ikakanika. Anaiika pamphepete pa chitsime, payipi yokoka madzi anaitsitsira pansi, m'masilinda anathiramo madzi pang'ono kuti zikopa zigwire. Pampu yotere imakoka madzi akuya mamita pafupifupi 7, ndipo chitsime cha azakhali sichifika n'theka lomwe. Mdzukulu wawo anakwera, anaponda, anapondanso. Kunangomveka kuti fwee, fwee, madzi osatuluka. Mayi wina kumbuyo anayamba kale kunena kuti iye ananeneratu. Wokonza njinga, amene anatseka ntchito yake kuti adzaone yekha, anayendetsa khutu m'mbali mwa payipi, anapeza pamene mpweya unkalowera, anakulungapo lamba wa chubu mwamphamvu, nati, “Ponda tsopano, mphwanga.” Payipi inagwedezeka, inatsokomola matope, kenaka madzi anatumphuka mpaka kunyowetsa mayi woneneratu uja kuyambira duku mpaka patapata. Nthungululu zinamveka mpaka kumsewu. Azakhali anamutsitsa mdzukulu uja, anakwinda chitenje, anakwera okha, ndipo anakana kutsika mpaka mabedi onse anamwa.

Ndinapita kukawaona mu Okotobala, mwezi umene kale dimba lija linkakhala fumbi ndi mapesi. Ndinalidutsa osalizindikira. Matimati anali atamangiriridwa kumitengo, zipatso zikulendewera mpaka nthambi kupindika. Kabichi anali atakulunga mitu, anyezi ali ndi masamba obiriwira bii, ndipo kumapeto, kumene kale kunkamera chisoso chokha, kunali chimanga chachiwisi chitatulutsa ndevu. Ntchito imene inkawatengera m'mawa wonse ndi madzulo omwe tsopano imatha dzuwa lisanatenthe. Manyowa a khola amene ankapita kudimba pamutu akupita pa wilibala, imene ana amalimbirana kukankha chifukwa pobwerera amakwezana. Anyamata aganyu aja matenda a kwawo anachira onse, ndipo amabwera okha kudzafunsa ngati pali zopalasa pampu.

Pamsika napo pasintha. Azakhali ali ndi malo awo m'mphepete mwa msewu, ndipo amayi a geni ochokera ku Lilongwe ndi ku Blantyre amawaimbira foni usiku kuti awasungire madengu. Anzawo a kumpingo aja tsopano ndiwo amatsitsa mtengo, iwo akuyankha mwaulemu wonse kuti feteleza wakwera, kenaka n'kuwaikira basera wambiri kuti nkhani ikafike kutali.

Walira mvula walira matope. M'mawa uliwonse pakhomo pamakhala wobwereka: uyu akufuna sipuleya, uyo wilibala yotutira njerwa, wina pampu kwa masiku awiri okha. Azakhali anaika malamulo. Wilibala siinyamula njerwa. Sipuleya imabwerera yotsuka. Pampu siichoka padimba, wofuna madzi abwere ndi payipi yake. Ndipo aliyense wodandaula kuti yake inafa amayamba wafunsidwa mafunso: ikupuma mpweya kapena yangouma? Zikopa munaziona? Mavavu ali bwanji? Mayi amene chaka chatha sankadziwa kuti pampu imatseguka, lero amayenda ndi sipanala nambala 13 m'kachikwama ka ndalama, ndipo mapampu ena awiri a m'mudzimo atuluka kale m'zisa za mbewa n'kupita pansi pa mtengo uja. Wogula zitsulo zakutha akadutsa, amangoimba belu osaima.

Ndili konko, foni inalira. Anali msuweni wanga wa ku Lilongwe, mawu ali odzaza ndi chimwemwe.

“Amayi, zatheka tsopano. Ndalama ya pampu ija ndaipeza, Loweruka ndibwera nayo yatsopano.”

Azakhali anandiyang'ana, anatsinzina diso limodzi.

“Iwe, pampu ndili nayo, ndipo imaposa yako ya m'sitoloyo. Ndalamayo ugule mapaipi, ndikufuna madzi afike kumtunda kuja ndidzale kachewere. Ndipo ubwere ndi galimoto yotseguka kumbuyo, osati kako kaja. Matimati andichulukira kuno, ukawagulitse kwa anzako a kuofesi. Koma ngongole ayi, wamva?”