Mwana Akamagwa Mwadzidzidzi, Mboni Ndinu Amayi

Amayi anzanga, ena mwa ife kuno ku Zomba sitikugona tulo chifukwa cha mwana amene amangogwa mwadzidzidzi, maso atatembenuka. Pofika naye kuchipatala cha Matawale kapena ku Zomba Central, mwana uja watsitsimuka kale, malungo sanapezeke, ndipo kunyumba anthu ayamba kunong'ona za ufiti.

Dziwani kuti dokotala kawirikawiri saona kugwako ndi maso ake. Amadalira mawu anu. Tsono ngakhale mtima uli phaphapha, penyetsetsani. Kodi mwanayo amachita chiyani asanagwe? Anadya? Thupi linatentha? Anauma thupi lonse kapena mbali imodzi? Anadziluma lilime, kapena kudzikodzera? Zinatha mphindi zingati? Lembani tsiku ndi nthawi, ndipo ngati pali lamya yojambula, wina ajambule kanema. Popita musaiwale kabuku kake ka kuchipatala.

Si kugwa konse kumene kuli khunyu ayi. Mtsikana wotsika kuphiri ndi mtolo wa nkhuni, dzuwa likuswa mtengo, m'mimba muli pululu, angamve chizungulire, nakomoka, nadzuka msanga ali bwinobwino. Wa khunyu amauma, kenaka n'kumaphupha, ndipo pambuyo pake amagona tulo tofa nato kapena kusokonezeka. Khunyu lina ndi lachete: mwana amangoti maso tong'o kamphindi, aphunzitsi n'kumamuyesa wamwano. Koma linjirinjiri lobwera ndi kutentha thupi, limenelo musagone nalo, pakuti angakhale malungo a mu ubongo.

Kuchipatala amayeza malungo, shuga ndi kuchuluka kwa magazi, namvetsera mtima. Ena amatumizidwa ku Queen Elizabeth ku Blantyre kukapimidwa ubongo ndi makina a EEG. Akakutumizani ku Zomba Mental Hospital musachite manyazi. Kumeneko amathandizanso a khunyu, ndipo khunyu si misala. Bungwe la WHO limati pafupifupi anthu 7 mwa 10 alionse angaleke kugwa atamamwa mankhwala moyenera. Mankhwala monga phenobarbitone sasiyidwa mwadzidzidzi, ngakhale mwana aoneke wochira.

Akagwa, m'chotseni pafupi ndi moto, mum'goneke chammbali. Supuni m'kamwa ayi, madzi ayi! Thovu lakelo silipatsirana matenda, choncho m'gwireni mopanda mantha. Kuphupha kukapitirira mphindi 5, thamangani naye kuchipatala. Ndipo kufikira chimene chikumugwetsa chitadziwika, asapite yekha kukachapa ku Likangala kapena ku Mulunguzi.