Fungo la Kupsa m'Galimoto ya Magetsi

Munthu amene anazolowera galimoto ya petulo sadabwa ndi fungo. Mafuta akadonthera pa paipi ya utsi pamanunkha pang'ono, ulendo nupitirira. Koma galimoto yoyendera magetsi ilibe petulo ngakhale paipi ya utsi, ndipo mulibe chinthu chimene chinapangidwa kuti chiziyaka. Tsono fungo la kupsa likamveka m'menemo, dziwani kuti pali chimene chatentha mosayenera. Imani pambali pa msewu, zimitsani galimoto, tsitsani ana, ndipo mukatero yambani kufufuza kumene fungolo likuchokera ndi chimene likufanana nacho.

Kawirikawiri mlandu umakhala wa mabuleki. M'galimoto monga Nissan Leaf, imene inayamba kugulitsidwa mu December 2010, woyendetsa akaleka kuponda moto, mota imasanduka jenereta nibwezera magetsi m'batire, ndipo liwiro limachepa lokha. Chifukwa cha ichi mabuleki enieni amagwira ntchito mwa apo ndi apo, ndipo nyengo ya mvula amachita dzimbiri mpaka ena amakanirira osamasuka. Yandikizani dzanja pa gudumu lililonse, koma osakhudza. Mukapeza limodzi lotentha koposa anzake, vuto lapezeka. Makaniko wamba angathe kumasula bulekiyo, kuchotsa dzimbiri, kupaka girisi ndi kuikamo mapadi atsopano.

Fungo lotuluka m'mabowo a mpweya m'kati mwa galimoto nthawi zambiri siliopsa. Popeza mulibe injini yotentha, kufunda kwa m'katimo kumachokera ku hita ya magetsi, ndipo mukaiyatsa koyamba nyengo yozizira fumbi limene linaunjikana limapserera kwa mphindi zochepa. Likapitirira, yang'anani sefa ya mpweya, pakuti makoswe amakonda kumangamo chisa ndi kutafuna mawaya aang'ono a batire ya mavoti 12. Fuzi ikapsa, achinyamata inu, musaimange ndi kawaya monga ena amachitira m'nyumba. Inapsa chifukwa china chalakwika.

Malo amene ambiri sawaganizira ndiwo khoma la nyumba. Soketi ya mavoti 230 ndi pulagi ya maampu 13 zimapirira ketulo bwino lomwe, chifukwa madzi amawira m'mphindi zochepa. Galimoto imakoka maampu pafupifupi 10 osalekeza, ndipo batire ya Leaf yoyamba ija, ya 24 kWh, imafuna maola oposa 10 kuti idzaze. Waya akakhala kuti sanamangidwe zolimba kuseri kwa soketi, pamalopo pamatentha usiku wonse banja lili m'tulo. Zizindikiro zake ndi izi: pulagi yotentha poigwira, mawanga akuda pa soketi, ndi fungo lachilendo longa la nsomba, limene mapulasitiki ena a zamagetsi amatulutsa akatenthedwa. Mayi wina angasesetu khitchini yonse kufunafuna usipa wovunda, pamene chonunkha chili pakhoma. Zimitsani magetsi pa switchi yaikulu musanazule pulagi. Chingwe cholumikiza chija timagula pamsika nchosayenera konse pa ntchito imeneyi. Itanani mmisiri wa magetsi wovomerezeka kuti akokere galimotoyo waya wakewake.

Pali fungo limodzi limene simuyenera kulifufuza. Likakhala lotsekemera ndi lobaya m'mphuno, longa mankhwala ochotsera utoto wa m'zikhadabo, makamaka pamodzi ndi kulira kwa "sii", kuthetheka, kapena utsi woyera wotuluka pansi pa galimoto, ndiye kuti batire yaikulu yayamba kuwonongeka. Batireyo ili ndi timaselo tambiri, ndipo kamodzi kakatentha kamatenthetsa kanzake, motowo nufalikira wokha. Tulukani nonse, imani patali kumbali imene mphepo ikuchokera popeza utsiwo ndi wa poizoni, ndipo itanani ozimitsa moto. Kabotolo kozimitsira moto ka m'galimoto sikangathe kanthu apa. Pamafunika madzi ochuluka, ndipo moto wotere umatha kubukanso patapita maola, ngakhale masiku. Mawaya okutidwa ndi mtundu wa lalanje amanyamula mavoti pafupifupi 360 mu Leaf. Amenewo ndi a mmisiri wophunzira ntchitoyo yekha, wovala magolovesi oyenera.

Moto wa batire suchitika kawirikawiri, koma si nthano. Ku America, galimoto zingapo za Chevrolet Bolt zitayaka, kampani ya General Motors inayamba kuziitanitsa mu 2020, ndipo mu August 2021 inaitanitsa zonse, zoposa 140,000. Kunapezeka kuti maselo ena opangidwa ndi LG anatuluka m'fakitale ali ndi zilema ziwiri pamodzi: kachitsulo kong'ambika ndi chotchinga cha m'kati chopindika. Podikira mabatire atsopano, eni ake anauzidwa kuti asamadzaze batire kupitirira 90 peresenti, asamasiye galimoto ikutchajidwa m'garaja usiku, ndipo ikatha kutchajidwa aziiimika panja.