Daniel Kachamba: sukulu yake ya gitala inali mumsewu

Pa msika wa Nchalo, wa Ngabu ngakhale wa Bangula sipasowa kamnyamata kokoleka banjo ya chigubu m'khosi, nsambo zake za waya wa mabuleki a njinga. Ena mumakaponyera kandalama. Ambiri mumakapirikitsa, ati kakutchingira makasitomala. Musanakapirikitsenso mawa, tamvani za malemu Daniel Kachamba, pakuti naye anayambira pomwepo, pafumbi.

Daniel anabadwa m'chaka cha 1947. Kwawo kunali kwa Singano ku Chileka, ndipo bambo ake, a James Kachamba, analinso odziwa gitala. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1950 banja lonse linali ku Salisbury, komwe lero tikuti Harare, monga ankachitira Amalawi ambiri osaka ntchito nthawi ya Chitaganya. Kumeneko ndi komwe makutu a mwanayu anatsekuka.

Masiku amenewo m'makomboni munali mutavuta nyimbo za kwela zochokera ku Joni. Anayambitsa ndi ana a m'misewu ya Johannesburg, omwe ankamva jazi ndi blues ya anthu akuda a ku America pa galamafoni ndi m'mafilimu, koma ndalama yogulira malipenga analibe. Basi anangotola timatoliro tachitsulo totchipa n'kumatsanzira malipengawo. Akatswiri ake anali a Spokes Mashiyane ndi a Lemmy Mabaso, ndipo mu 1958 nyimbo ya kwela yotchedwa Tom Hark inagulidwa kwambiri mpaka ku Mangalande. Dzina loti kwela ndi kwera wathu yemweyu. Ena amati linachokera ku galimoto za apolisi zomwe zinkatola anthu m'misewu. Ndiye mwaona, kupirikitsa oimba sikunayambe ndi inu.

Atabwerera kumudzi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, Daniel anali asanamere ndi ndevu zomwe, koma gitala inali itamulowa m'magazi. Anasonkhanitsa anzake ndi mng'ono wake Donald n'kupanga bandi. Musaganize za masipika ndi magetsi ayi. Panali gitala, chitoliro, chisekese ndi babatoni, bezi ya nsambo imodzi yomangidwa pa bokosi. Zonse zonyamula pamutu ndi pamapewa, lero pano mawa apo, m'misewu ya Blantyre, m'misika ndi pamowa. Malipiro ake anali makobiri ndi matiki oponyedwa pansi, poti kwacha inadzabwera mu 1971.

Tsono msewu ndi mphunzitsi wankhanza. Munthu wopita ku ntchito saima chifukwa chakumvera chisoni, amaima nyimbo ikamugwira mwendo. Popanda chokuzira mawu, umayenera kumveka pakati pa phokoso la mabasi ndi oitanira malonda. N'chifukwa chake Donald, kamwana ndithu, ankalowetsa chitoliro m'kamwa chopendekera kutsaya monga ankachitira a ku Joni, kuti chilire mokweza ndiponso mokhota ngati munthu wodandaula. Kudandaula kumeneko ndiye fungo la blues lija.

Daniel naye anapeza nzeru yake. Gitala ya nsambo 6 ankaichotsa imodzi n'kuimanga mwa iye yekha. Chala chachikulu chinkayendetsa bezi, chamkombaphala chikuimba nyimbo pamwamba, moti womvera ali kuseri ankayesa kuti akuimba ndi anthu awiri kapena atatu. Sinjonjo, saba-saba, hauyani, simanjemanje, lumba, zonse zinkatuluka m'gitala imodzi yomweyo. Amene munamvapo Dolosina Lumba mukudziwa zomwe tikunena.

Mu 1967 katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Austria, a Gerhard Kubik, anawapeza anyamatawa akuimba mu Blantyre. Chaka chomwecho a Kubik anatsikiranso kuno ku Chigwa cha Shire kudzajambula nyimbo za Asena ndi Amang'anja, kwawo kwa ulimba ndi bangwe. Koma a kwa Singano aja sanawaiwale. Anawajambula mawu ndi kanema, kenaka n'kulemba buku lathunthu, The Kachamba Brothers' Band, lomwe linatuluka m'Chingerezi mu 1974. Tangoganizani, buku lonena za ana omwe anthu ankawalambalala pamsewu! Mu 1972 abale awiriwa anakwera ndege kukaimba kunja, mpaka ku Germany.

Chodandaulitsa n'chakuti kutchuka sikudyedwa. Dzina la Daniel linamveka pa wayilesi ya MBC, anthu n'kumamutchula kuti Dokotala Kachamba, koma nthawi imeneyo kunalibe bungwe lotolera oimba ndalama za nyimbo zawo. Lamulo loteteza eni nyimbo linadza mu 1989, bungwe la COSOMA mu 1992. Daniel anali atapita kale: anamwalira mu July 1987 ali ndi zaka 40 zokha.

Donald ndiye anapitiriza. Anayenda maiko ambiri ndi bandi yake, momwe munali a Moya Malamusi a kwa Singano komweko, ndipo a Kubik omwe, mzungu wophunzira uja, analowa m'bandimo n'kumaimba nawo. Mu 1999 Donald anaitanidwa kukaphunzitsa nyimbo zake pa yunivesite ya UCLA ku America, dziko lomwe kunachokera blues. Anamwalira mu January 2001, ndipo anzake anapitiriza bandiyo m'dzina lake.